Mkangano wa nyumba pakati pa Huntington Beach ndi California

Mkangano wa nyumba pakati pa Huntington Beach ndi California ndi kusamvana kumene kwakhala kukulowa m'makhoti kuyambira mu 2015. Gwero lake ndi funso lakuti mwini mphamvu zonena kuchuluka kwa nyumba zimene zingamangidwe mumzinda ndani: khonsolo yosankhidwa ndi anthu a mumzindawo, kapena boma la chigawo chonse cha California, ku United States. Mkanganowu unakula kwambiri mu 2023, khonsolo itakana kuvomereza pulani yopezera malo nyumba zatsopano 13,368.

Mzinda wake

Huntington Beach ili m'mphepete mwa nyanja ya Pacific, m'dera la Orange County, makilomita pafupifupi 56 kummwera chakummawa kwa Los Angeles. Inakhala mzinda mu 1909, ndipo kalembera wa mu 2020 anapeza kuti munali anthu 198,711. Malo ambiri okhalamo anthu anapatulidwira nyumba za banja limodzi pa poloti iliyonse. Mzindawu umayendetsedwa ndi khonsolo ya makhansala 7.

Zimene lamulo limafuna

Kuyambira mu 1969, lamulo la California limafuna kuti mzinda uliwonse ukhale ndi pulani ya nyumba, yomwe pa Chingelezi imatchedwa housing element. Nthambi ya boma yoona za nyumba, yodziwika ndi dzina lakuti HCD, imawerengera nyumba zimene dera lililonse likufunika. Kenako bungwe la makhonsolo a m'deralo limagawa chiwerengerocho kwa mizinda yake.

Pa zaka za 2021 mpaka 2029, dera la kummwera kwa California lomwe lili pansi pa bungwe la SCAG linapatsidwa nyumba zoposa 1.3 miliyoni. Pa chiwerengerochi, Huntington Beach inalandira 13,368, ndipo 5,845 mwa nyumbazi ndi za mabanja opeza ndalama zochepa.

Lamuloli silikakamiza khonsolo kumanga nyumbazo ndi ndalama zake. Chimene limafuna ndi chakuti khonsolo isinthe malamulo ake a kagwiritsidwe ntchito ka malo, kuti amene akufuna kumanga apeze malo ololedwa okwanira. Nthawi zambiri izi zimatanthauza kulola nyumba zosanjikizana pamalo pamene kale panali mashopu kapena nyumba zapansi zokha. Mizinda ya m'dera la SCAG inayenera kukhala itavomereza mapulani ake pofika pa 15 Okutobala 2021.

Ufulu wa mizinda yodzilamulira

Malamulo aakulu a California amalola mzinda kudzilembera chikalata chake choyendetsera zinthu, chotchedwa charter. Mizinda yotere ilipo yoposa 120, ndipo Huntington Beach ndi umodzi mwa iyo. Pa nkhani zokhudza mzinda wokhawo, malamulo ake amaposa a boma la chigawo. Koma pa nkhani zokhudza chigawo chonse, malamulo a boma ndi amene amatsatidwa. Malamulo aakuluwo sanandandalike nkhani za mbali iliyonse, choncho makhoti ndi amene amadula malire. Mkangano wonsewu wagona pa funso lakuti nkhani ya nyumba ili mbali iti.

Chiyambi cha mkangano

Mu 2015, anthu atadandaula za nyumba zosanjikizana zimene zinkamangidwa m'misewu ya Beach Boulevard ndi Edinger Avenue, khonsolo inachepetsa nyumba zololedwa kumeneko kuchoka pa 4,500 kufika pa 2,100. Bungwe lomenyera nyumba zotsika mtengo la Kennedy Commission linasumira mzindawu. Mu 2017 khoti la apilo linakomera mzinda, ponena kuti gawo la lamulo limene bungwelo linadalira silinkakhudza mizinda yodzilamulira. Chaka chotsatira nyumba ya malamulo ya California inatseka mpatawo ndi lamulo la SB 1333.

Mu Januwale 2019 boma la bwanamkubwa Gavin Newsom linasumira Huntington Beach. Unali mzinda woyamba kusumiridwa pogwiritsa ntchito mphamvu zatsopano zimene lamulo la mu 2017 linapereka kwa boma. Mlanduwo unatha mu 2020, khonsolo itakonzanso pulani yake.

Milandu ya mu 2023

Pa chisankho cha mu Novembala 2022 anasankhidwa makhansala anayi amene pa kampeni analonjeza kulimbana ndi malamulo a nyumba ochokera ku Sacramento, likulu la California. Kumayambiriro kwa 2023 khonsolo inasiya kulandira makalata opempha chilolezo chomanga nyumba zazing'ono za kuseri kwa nyumba yaikulu, komanso opempha pansi pa SB 9. Lamulo la SB 9, lomwe linasainidwa mu 2021, limalola mwini poloti kuigawa pawiri kapena kumangapo nyumba ziwiri.

Mu Malichi 2023 loya wamkulu wa boma, Rob Bonta, pamodzi ndi Newsom, anasumira mzindawu. Khonsolo inabweza ganizo lake la zilolezo, koma mu Epulo inakana kuvomereza pulani ya nyumba. Boma linasintha mlandu wake kuti ukhale wa kusowa kwa pulaniyo.

Nawonso mzinda unasumira boma ku khoti la dziko lonse. Kuwonjezera pa ufulu wodzilamulira, unanena kuti makhansala akuwaphwanyira ufulu wa kulankhula. Kuti avomereze pulaniyo, lamulo la zachilengedwe linkafuna kuti alengeze kuti ubwino wa nyumbazo ukuposa kuwonongeka kwa chilengedwe kumene kungabwere, chinthu chimene iwo ankati sachikhulupirira.

Mfundo za mbali ziwirizi

Atsogoleri a mzinda amati malo omangapo anatha kale, ndipo nyumba zochuluka chotero zidzapanikiza misewu, madzi ndi mipope ya zonyansa. Amatinso chiwerengero cha 13,368 chinakhazikitsidwa ndi akuluakulu amene anthu a mumzindawo sanawasankhe ndipo sangawachotse.

Boma limayankha kuti vuto la nyumba silithera pa malire a mzinda. Mzinda umodzi ukakana kumanga, aphunzitsi, anamwino ndi antchito a m'mahotela ake amakasaka nyumba kwina, zomwe zimakweza lendi m'mizinda yoyandikana nayo ndi kutalikitsa maulendo a ku ntchito. Boma limati California ikufunika kukonzekera nyumba 2.5 miliyoni pofika mu 2030, ndipo kulekerera mzinda umodzi ndi kusenzetsa ina katundu wake.

Zigamulo

Mu Novembala 2023 khoti la dziko lonse linataya mlandu wa mzinda, ponena kuti mzinda ndi nthambi ya chigawo chake, choncho sungasumire chigawocho kukhoti lotere pa nkhani ya malamulo aakulu a dziko. Khoti la apilo la Ninth Circuit linagwirizana ndi chigamulochi mu Okutobala 2024.

Mlandu wa boma unaweruzidwa ku San Diego. Mu Meyi 2024 jaji Katherine Bacal anagamula kuti Huntington Beach inaphwanya lamulo la pulani ya nyumba. Mu Seputembala 2025 khoti la apilo la California linanena kuti mzindawu, ngakhale uli wodzilamulira, uyenera kupatsidwa masiku 120 okonza pulani yake, ndiponso kuti mphamvu zake zina pa zilolezo zomangira zichepetsedwe kufikira utatero.

Anthu ambiri ovota mumzindawo sanasiye kuikira kumbuyo khonsolo. Mu Novembala 2024 anavomereza Measure U, yomwe imafuna kuti kusintha kwakukulu kwa malamulo a malo kumene kungawononge chilengedwe kuziyamba kwadutsa m'mavoti a anthu.

Zilango

Mzinda wopanda pulani yovomerezeka umataya mwayi wa thandizo lina la ndalama za boma. Umagweranso pansi pa lamulo lotchedwa builder's remedy, limene limauletsa kukana ntchito yomanga nyumba chifukwa chongoti ikusemphana ndi malamulo ake a malo, bola ngati zina mwa nyumbazo ndi zotsika mtengo. Kuyambira mu Januwale 2025, lamulo la SB 1037 limalola makhoti kulipiritsa mzinda wotere chindapusa cha madola 10,000 mpaka 50,000 pa mwezi.