Mbiri ya Gaga ndi Mimba Yovuta

Adzukulu anga, gaga amene timathira nkhuku anatchukapo ku Ulaya. Dokotala Denis Burkitt, yemwe anafika ku Uganda mu 1946, anaona kuti akumidzi odya zosakonola sadzimbidwa kawirikawiri. Buku lake la 1979 linathamangitsira azungu ku gaga wa tirigu ngati mankhwala.

Anafulumira. Pali nthenda yotchedwa IBS: mimba imapota ndi kudzaza mpweya, lero kutsegula, mawa kumanga, chonsecho matumbo alibe bala. Mu 1994 madokotala a ku Manchester anafunsa odwala 100, ndipo 55 anati gagayo anangowonjezera mavuto. Pofika 2005 akatswiri a ku Monash, ku Australia, anayamba kukayikira nyemba, anyezi, adyo ndi tirigu yemweyo. Lero wodwala amasiya zakudyazi milungu ingapo, n'kumazibwezera chimodzichimodzi, mpaka apeze chimene mimba yake imakana.