Masiku Atatu ku Dar es Salaam ndi Njira Yakale ya ku Mbwani

Amayi a geni a mumsika wa Ndirande, a ku Bangwe ndi a ku Zingwangwa amatchula Dar es Salaam ngati akutchula Limbe. Amapitako kukapikula zitenje, nsapato, mikanjo ndi mipango, nabwerako sabata isanathe, ndipo ambiri mwa iwo saiona n'komwe nyanja yamchere imene ili pafupi ndi msika umene amagulako. Chaka chatha, Eid ya nsembe itangodutsa, ena a ife tinawatsatira popanda malonda alionse. Tinali ana a kunyanja okhala mumzinda wa Blantyre, wina wa kwa Makanjira, wina wa ku Malindi, ena a ku Chipoka ndi ku Nkhotakota, ndipo tinasonkha ndalama kwa miyezi ingapo kuti tikangoona mzinda waukuluwo masiku atatu. Wamkulu pakati pathu, telala wa ku Chilomoni, sankatchula dzina la mzindawo. Iye ankangoti tikupita ku Mbwani, monga mmene agogo ake ankatchulira gombe la nyanja yamchere.

Tinakwera basi pa Wenela, tinadutsa Zalewa, Balaka ndi Salima, tinatsata gombe la nyanja yathu mpaka ku Nkhotakota ndi Nkhata Bay, kenaka Mzuzu, chitsetse cha Chiweta ndi Karonga. Pa chipata cha Songwe tinadinditsa ziphaso ndi kusuntha mawotchi ola limodzi kutsogolo. Kuchokera apo inali Mbeya, Iringa, nkhalango ya Mikumi kumene nyama zimadya msipu m'mbali mwa msewu, Morogoro, mpaka tinalowa mumzinda titatha masiku awiri panjira. Tinafika miyendo itatupa, tikudandaula za kutalika kwa ulendo. Mkulu uja anatikumbutsa kuti makolo athu ankayenda wapansi, mnyanga wa njovu uli paphewa, ndipo wonyamuka chaka chino nthawi zambiri ankabwerera kumudzi mvula ina itagwa kale.

Pofika m'zaka za m'ma 1700, amalonda a Chiyao anali atazolowera kale njira zopita ku Kilwa ndi ku chilumba cha Mozambique. Poyamba ankanyamula makasu, fodya ndi zikopa. Pambuyo pake minyanga ndiyo inakhala katundu wamkulu, ndipo pobwerera ankasenza nsalu, mikanda ndi waya wamkuwa. Sultan Seyyid Said wa ku Oman atakhazika likulu lake ku Zanzibar cha m'ma 1840, malonda anakula kwambiri, ndipo anthu a kugombe anayamba kubwera okha kumtunda. Mmodzi mwa iwo anali Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba wa ku Nkhotakota, amene zombo zake zamatanga zinkawolotsa katundu kupita kutsidya la kum'mawa kwa nyanja yathu. Mfumu Mataka, ku Mwembe, inadzala mitengo ya mango ndi kumanga nyumba zangodya zinayi kuti mudzi wake ufanane ndi midzi ya ku Mbwani. Mpunga umene timaphika pa chikondwerero, mkanjo ndi kofiya za pa Jumu'ah, ndi mitengo ya kokonati ya ku Nkhotakota, zonsezi zili ndi fungo la njira imeneyo.

M'mawa wa tsiku loyamba tinapita ku Kivukoni, pamsika wa nsomba. Ife ana a asodzi tinadziyesa odziwa madzi, koma nyanja iyi inatichititsa manyazi. Madzi amene m'mawa anali kumenya khoma, masana anali atathawa kutali, ngalawa zitagona pamatope, ndipo dzuwa likupendeka anabwereranso pamalo pake. Nyanja yathu imadzaza ndi kuphwa potsata nyengo za chaka. Iyi imatero kawiri tsiku lililonse. Mphepo zake nazo zili ndi nthawi yake, monga mwera ndi mpoto kwathu: kaskazi ya kumpoto inkabweretsa zombo kuchokera ku Arabia ndi India, ndipo kusi ya kummwera inkazibweza kwawo. Pamsikapo tinaona tinsomba totchedwa dagaa tofanana ndi usipa, nsomba zina zazikulu ngati mwana wa ng'ombe, ndi amayi okuwirana mitengo monga amachitira padoko lililonse la ku Mangochi.

Chimene chinatidabwitsa pa mbiri ya mzindawu ndi chakuti si wakale monga tinkaganizira. Sultan Majid bin Said wa ku Zanzibar ndiye anayamba kuumanga pakati pa zaka za m'ma 1860, pafupi ndi mudzi wa asodzi wa Mzizima, naupatsa dzina la Chiarabu lotanthauza Nyumba ya Mtendere. Nyumba yamiyala yotchedwa Old Boma, imene tinaiona pafupi ndi doko, ndi ya nthawi imeneyo. Majid atamwalira mu 1870 ntchito inaima, ndipo mzinda unadzukanso Ajeremani ataupanga likulu la dziko limene ankalamulira mu 1891. Tikakumbukira kuti amishoni a ku Scotland anafika m'dera la Mfumu Kapeni ndi kuyambitsa Blantyre mu 1876, tiona kuti mizinda iwiriyi ndi yamsinkhu umodzi, kusiyana kwake zaka khumi zokha. Choncho makolo athu a nthawi ya minyanga sankapita ku Dar es Salaam. Mbwani yawo inali Kilwa Kivinje, Lindi, Mikindani, Ibo ndi Quelimane.

Komabe mzindawu uli ndi mapazi a anthu a kwathu. Dzina la Kariakoo, kumene amayi athu amapikula katundu, linachokera ku mawu a Chingerezi akuti Carrier Corps, gulu la onyamula katundu wa asilikali pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, limene linali ndi msasa pamalopo. Kwathu ntchito yomweyo inkatchedwa mtengatenga, ndipo inatenga amuna zikwizikwi a m'Nyasaland, ambiri mwa iwo osabwerera chifukwa cha njala ndi matenda. Pakati pa mzinda pali chipilala cha msilikali wa Chiafirika chimene anachitsegulira mu 1927 pokumbukira asilikali ndi amtengatenga a nkhondo imeneyo. Tinaima pamenepo kanthawi, magalimoto akutizungulira, tikukumbukira chipilala cha asilikali a KAR cha ku Zomba. Tsiku lachiwiri linali Lachisanu, ndipo tinaswali Jumu'ah mumzikiti wina wa ku Kariakoo. Khutuba inali m'Chiswahili, koma akuluakulu athu anamva zambiri, pakuti mawu ngati mwalimu, shehe, sadaka ndi ziyala anakula nawo kumudzi.

Tsiku lachitatu tinapita ku Bagamoyo, mtunda wa makilomita pafupifupi 70 kumpoto kwa mzinda. Pafupi ndi tauniyo pali mabwinja a Kaole, mzikiti wamiyala ya m'nyanja umene akatswiri amati ndi wa m'zaka za m'ma 1200, pamodzi ndi manda ndi chitsime. Tinakhudza makoma ake mitima ili yodzala, podziwa kuti adhana inkamveka pagombe limeneli zaka mazana asanu ndi limodzi isanamveke ku Nkhotakota. Kummwera, ku Kilwa Kisiwani, kuli mzikiti waukulu koposa umene unalipo kale pamene mlendo wotchuka Ibn Battuta anafikako mu 1331. Koma mu Bagamoyo momwemo muli nyumba yakale yofikiramo a paulendo, imene lero ndi yosungiramo zinthu zakale, ndipo m'menemo muli maunyolo ndi zithunzi za anthu omangidwa m'khosi. Wotionetsa malo anafotokoza kuti Bagamoyo inkalandira maulendo ochokera ku Tabora ndi Ujiji. Atamva kuti ndife Amalawi anawonjezera kuti anthu a kunyanja ya Nyasa ankatulukira ku Kilwa. Tonse tinakhala chete.

Nkhani iyi ndi yowawa, koma ndi yathu. M'zaka za m'ma 1860, mabuku a msonkho ankasonyeza kuti anthu pafupifupi 20,000 ankatumizidwa chaka chilichonse kuchokera ku Kilwa kupita ku Zanzibar ndi kwina, ndipo ochuluka mwa iwo anali ochokera m'madera ozungulira nyanja yathu: Anyanja, Amang'anja, Achewa, ndi Ayao omwe. Ankakalima m'minda ya zonunkhiritsa za karafuu ku Zanzibar ndi Pemba, ena ankawolotsedwa kupita ku Arabia, ndipo Afalansa ndi Apwitikizi anatenga ena kudzera m'madoko a Mozambique kupita kuzilumba za shuga ndi ku Brazil. Ochuluka anafera panjira osaiona n'komwe nyanja. Ogwira ndi ogulitsa anali amitundu yambiri ndi azipembedzo zosiyana, koma pakati pawo panali mafumu amene maina awo timawatchula mwaulemu mpaka lero: Makanjira, Mponda, Mataka, Jumbe. Mfuti ndi wonga zinkagulidwa ndi anthu, ndipo mfumu yopanda mfuti inkagwidwa ndi inzake. Sultan Barghash anatseka msika wa akapolo wa ku Zanzibar mu 1873, koma malondawo anapitirira mobisa kwa zaka zina makumi awiri, mpaka nkhondo za Harry Johnston za 1891 mpaka 1895, zimene zinathera ndi kunyongedwa kwa Mlozi ku Karonga, tauni imene tinaidutsa usiku tili m'tulo.

Njira yomweyo ndiyo inabweretsa kuwerenga. Makanjira analowa Chisilamu cha m'ma 1870, ndipo mafumu ankasunga alembi a Chiswahili olemba makalata m'zilembo za Chiarabu. Alembi omwewo anayamba kuphunzitsa ana Qur'an pakhonde. Sheikh Abdallah bin Haji Mkwanda anakaphunzira ku Kilwa nabwerera kunyanja m'zaka za m'ma 1880, ndipo iye ndi wophunzira wake Sheikh Thabit bin Muhammad Ngaunje anayenda midzi yambiri akuphunzitsa. Mu 1929, mayi wophunzira, Mtumwa binti Ali, anafika ku Nkhotakota kuchokera ku Zanzibar nafalitsa twarika ya Qadiriyya pakati pa amuna ndi akazi omwe. Chofunika kuchizindikira n'chakuti Chisilamu chinafalikira kwambiri m'midzi malonda a akapolo atatha kale. Amene anachifikitsa kwa anthu wamba anali aphunzitsi oyenda wapansi ndi thabwa lolembapo, odya chimene mudzi wawapatsa. Iwo ankaphunzitsa buku limene, mu Surah Al-Balad, limaika kumasula kapolo pakati pa ntchito zolemera zimene munthu wolungama ayenera kuchita.

Ife okhala m'matauni a Blantyre timakumana ndi mbiri iyi pafupipafupi. Maina a Kapeni, Machinjiri ndi Somba ndi a mafumu a Chiyao amene anafika m'mapiri ano m'zaka za m'ma 1860, nthawi ya nkhondo ndi njala, ndipo ena mwa anthu oyamba kukhala pa mishoni ya Blantyre anali othawa ukapolo. Zidzukulu za ogwidwa, za ogwira ndi za othawa lero zikutunga madzi pampopi umodzi ku Ndirande, ndipo zambiri zinakwatirana kalekale. Mwana wathu akabwera kuchokera kusukulu atanyozedwa kuti chipembedzo chake chinabwera ndi goli, timayesedwa kumuuza kuti zonsezo ndi mabodza a atsamunda. Tikatero timamusiya wopanda poimira, chifukwa tsiku lina adzawerenga yekha. Ndi bwino amve kwa ife kuti ena mwa makolo athu anagulitsa anthu, ena anagulitsidwa, ena anabwera ndi Qur'an, ndipo kuti kawirikawiri onsewa anayenda ulendo umodzi. Mwana wodziwa zimenezi angayankhe mnzake modekha, ndipo sangadzikuze pa mtundu wina.

Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Atsamunda atamanga njanji, malonda a dziko lino anatembenukira ku Beira, kenaka ku Nacala, ndipo njira za kumpoto chakum'mawa zinamera udzu. Koma nkhondo ya ku Mozambique itadula njanji zonse ziwiri m'zaka za m'ma 1980, dziko linayang'ananso kugombe la Tanzania: msewu wa Karonga kupita ku Songwe unakonzedwa, ndipo malo osungira katundu wa Malawi anatsegulidwa ku Mbeya ndi ku Dar es Salaam. Lero mafuta a galimoto, magalimoto ochokera ku Japan ndi mabelo a amayi a geni zimadutsa kumeneko. Mayi wa ku Bangwe amene akukangana mtengo wa zitenje m'Chiswahili chothyokathyoka ku Kariakoo akuchita ntchito imene makolo ake aamuna ankaichita ku Kilwa, koma iye akubwera ndi nsalu imene wailipira ndi thukuta lake.

Kwa inu a kunyanja amene muli ndi ana kapena abale oyenda njira imeneyi, pempho lathu ndi laling'ono. Auzeni awonjezere tsiku limodzi pa ulendo wawo, akaone Kivukoni madzi ataphwa, akafike ku Kaole, akalowenso m'nyumba ya maunyolo ija. Ndipo musanawatumize kutali, afunseni agogo amene alipo kuti ndani m'banja mwanu anapita ku Mbwani, anapita ndi chiyani, ndipo anabwerako kapena ayi. Telala wa ku Chilomoni uja anatunga madzi a m'nyanja yamchere m'botolo kuti adzukulu ake akalawe. Titafika pa Wenela anatiuza kuti agogo ake aakazi anali ndi mlongo wawo amene anatengedwa ali mnyamata pa njira ya ku Kilwa, ndipo m'banja mwawo dzina lake silinkatchulidwa. Usiku umenewo, ana atalawa madziwo ndi kuchita tsinya, anawakhazika pamphasa nawauza dzinalo.