Anationerako Ndani Dzuwa la 1835?

Pa ulendo wonse wa Angoni a Mpezeni, kucokera kumwera mpaka kudzakhala pakati pa mapiri a Chipata, pali tsiku limodzi cabe limene tingaloze pa kalenda n'kunena kuti ndi ili. Zina zonse timangoyerekeza. Timati Zwangendaba anacoka kwao ca m'ma 1820 Andwandwe atagonja kwa Shaka, anamwalira ca m'ma 1848 ku dziko la Afipa, ndipo Mpezeni anadzakhazikika kuno ca m'ma 1870. Koma tikafika pa kuoloka Zambezi, buku limachula mwezi ndi tsiku lomwe, mu Novembala 1835. Ambiri tinaloweza zimenezi kuti tikhoze mayeso. Ine cimene cimandigwira mtima ndi cakuti m'khamu lonse lija munalibe wonyamula kalenda kapena colembera. Nanga tsikulo tinalidziwa bwanji?

Linasungika m'kamwa mwa anthu. Okalamba anali kusimba kuti khamu linafika pa mtsinje pafupi ndi Zumbo, pamene Luangwa amathira mu Zambezi. Za maolokedwe amasiyana: ena amati nkhosi inamenya madzi ndi ndodo, ena amati eni dera anawaolotsa pa mabwato. Amasimbanso kuti Mpezeni, dzina lake la ubwana Ntuto, anaoloka ali kamwana. Koma pali mfundo imodzi imene inabwerezedwa ndi Angoni a kuno ndiponso a ku Mzimba, anthu amene anapatukana Zwangendaba atamwalira: tsiku limenelo dzuwa linada masanasana. Kunali kadamsana.

Ndisanapitirire, pali cimene ndifuna tisaiwale ife a m'makomboni, amene magazi athu ndi osakanizika. Tsiku limene Mngoni amalikumbuka monyadira, kwa Mnsenga wa tsidya lino linali ciyambi ca nkhondo ndi kugwidwa. Ogwidwawo, maka azimai, ndi amene analera ana a Cingoni, n'cifukwa cake lero ku Mtenguleni nyimbo zimamveka Cingoni koma pa mphika anthu amalankhula zofanana ndi Cinsenga. Tsikuli ndi lathu tonse, aliyense ndi mbali yake.

Tsono kadamsana ali ndi khalidwe labwino kwa wolemba mbiri: sabwera mwangozi. Mwezi ukadutsa pakati pa ife ndi dzuwa, mthunzi wake umagwa pa dziko ngati kanjira kopapatiza. Pakapita zaka 18 ndi masiku 10 kapena 11 ndi maola pafupifupi 8, dzuwa, mwezi ndi dziko zimabwereranso pa malo ofanana, ndipo kadamsana wofanana amacitikanso, koma ca kumadzulo kwa malo oyamba cifukwa ca maola 8 aja. Nyengo imeneyi amaicha saros, ndipo anthu a ku Babylon anaidziwa zaka zoposa 2,000 zapitazo. Munthu wodziwa masamu ake angawerenge cam'tsogolo, angawerengenso cam'mbuyo.

Olemba oyambirira atamva za mdima wa pa Zambezi, ena anasankha kadamsana wa mu Juni 1825. Mu 1930, E. H. Lane Poole, mmodzi wa akuluakulu a boma la atsamunda kuno Kum'mawa, anasindikiza nkhani mu Journal of the African Society yoonetsa kuti woyenera ndi wa mu Novembala 1835, ndipo caka cimeneci ndico cinakhazikika. Kwa ine Novembala amamveka ngakhale popanda masamu: ndi nthawi imene mtsinje watsika, mvula isanadzaze makhwawa, ndipo munthu wanzeru wokhala ndi ng'ombe ndi ana amaoloka pamenepo. Mu 1965 Richard Gray anatulutsa mapu a akadamsana a mu Africa mu Journal of African History, kuti olemba mbiri ena acite zomwezo ndi nkhani za makolo ao.

Mukatsegula mabuku mudzapeza ena alemba 19 Novembala, ena 20. Masamu a lero amati 20, ndipo mdima unafika pacimake ca m'ma 10:30 m'mawa pa nthawi ya ku Greenwich, kuno dzuwa lili pamutu. Pali kanthu kena kosangalatsa apa. Kufikira 1925 akatswiri a zakumwamba anali kuyamba tsiku lao masana, osati pakati pa usiku, motero 10:30 m'mawa wa pa 20, m'kawerengedwe kao, inali ikali pa 19.

Onani mmene nchito inagawidwira. Oona ndi maso anali makolo athu. Osunga nkhani kwa zaka pafupifupi 100 anali ana ndi adzukulu ao. Koma mabuku a masamu otembenuzira nkhaniyo kukhala tsiku anali ku Ulaya, ndipo dzina limene limatsala pa pepala ndi la amene anali ndi njira yofikira mabukuwo. Sindinyoza Lane Poole, nchito anaigwira. Ndingoti popanda mbuya wina amene anauza mdzukulu wake kuti kunada masana, masamu onsewo akanasowa pogwira.

Mthunzi wa tsiku limenelo unadutsa m'madera amene lero ndi Angola, Congo, Zambia, Malawi, Mozambique ndi Madagascar. Aliyense amene unam'phimba wathunthu anaona cinthu cimene masiku ena onse cimabisika: dzuwa lakuda bii, lozunguliridwa ndi kuwala koyera ngati nthenga za pa cisoti ca impi. Kuwala kumeneku dzina lake ndi corona, osati ya matenda ija ya 2020, ngakhale mau onse awiri amacokera ku liu limodzi la Cilatini lotanthauza cisoti ca ufumu. Apa ndi pamene mbiri yathu imakumana ndi sayansi imene mu 1835 inalibe n'dzina lomwe.

Pa kadamsana wa pa 7 Ogasiti 1869 ku America, Charles Young ndi William Harkness anapatula kuwala kwa corona monga mmene mvula imapatulira kuwala kukhala utawaleza. Anapezamo mzere wobiriwira umene sunafanane ndi wa cinthu ciliconse codziwika pa dziko. Anthu anaganiza kuti apeza cinthu catsopano, nacipatsa dzina lakuti coronium. Funso la mzerewo linakhala zaka 70 popanda yankho. Kenaka Walter Grotrian mu 1939, ndi Bengt Edlén wa ku Sweden m'zaka zotsatira, anaonetsa kuti coronium kulibe. Mzere wobiriwira uja ndi wa citsulo wamba, conga ca khasu, koma catenthedwa kufikira atomu yake yataya maelekitironi 13 mwa 26 amene imakhala nao. Kuti zimenezi zitheke pamafunika kutentha kopitirira madigiri 1,000,000. Pamene nkhope ya dzuwa yeniyeni ndi madigiri pafupifupi 5,500 cabe. Zili ngati kukhala patali ndi mbaula n'kupsa kuposa wogwira makala. Mpaka lero akatswiri akali kukangana za cimene cimatenthetsa corona motero.

Mpweya wotentha motere, umene maatomu ake athothoka maelekitironi, ndiwo plasma. Dzinali anaupatsa ndi Irving Langmuir mu 1928. Musaone ngati ndi cinthu cakutali. Mphezi ya mu Disembala ndi plasma. Moto wabuluu wa anyamata owocherera mageti ku Kapata, uja amati usauyang'ane, ndi plasma. M'kati mwa chubu la malaiti la m'kalasi mulinso plasma. Cosiyana ndi mpweya wamba ndi cakuti imayendetsa magetsi ndipo imamvera maginito. Hannes Alfvén anaonetsa mu 1942 kuti mafunde angayende m'plasma motsata mphamvu ya maginito monga kunjenjemera kwa waya wa banjo, nalandira mphoto ya Nobel mu 1970. Eugene Parker mu 1958 anati corona siikhala cete, imaomba ngati mphepo mpaka kudutsa dziko lathu. Ambiri anam'tsutsa. Anakhala ndi moyo mpaka kuona combo cochedwa dzina lake, Parker Solar Probe, cikunyamuka pa 12 Ogasiti 2018, ndipo mu Epulo 2021 cinalowa m'corona mwenimwenimo.

Pa 21 Juni 2001 mthunzi unabweranso ku Zambia. Unadutsa pa Lusaka, kunada mphindi zitatu ndi kanthu, n'kutsikira ku cigwa ca Zambezi kulowa m'Zimbabwe ndi Mozambique. Kuno ku Chipata dzuwa linalumidwa kwambiri koma silinathe lonse. Alendo anadzaza Lusaka, pakati pao Jay Pasachoff ndi gulu lake la ku Williams College ku America, amene anabwera ndi makina odzapimira corona. Atatha analongedza n'kupita, ndipo ndi mmene zinali kukhalira: thambo lathu, zipangizo zao. Ngakhale zithunzi za dzuwa zikapezeka, mapulogalamu ambiri ozisanthulira, monga SolarSoft, anali kuyenda pa IDL, imene laisensi yake ndi yogula, ndipo si ndalama ya mwana wa sukulu.

M'caka comweco ca 2001, mnyamata wa ku France, Fabien Chéreau, anayamba kulemba pulogalamu yochedwa Stellarium, yoonetsa thambo monga mmene limaonekera pa malo alionse ndi pa tsiku lililonse, lakale kapena lam'tsogolo. Anaisiya yotseguka. Anzanga a Chipata, mzinda wa njinga, simufunika kufotokozeredwa zambiri. Njinga ikafa, aliyense wokhala ndi sipanala amaimasula pansi pa mtengo wa mango, amaona cimene calakwika, amakonza, ndipo woyang'ana pambali amaphunzira. Pulogalamu yotseguka ili conco: mau onse amene amaiyendetsa ali poyera, ungawawerenge, ungawasinthe, ungagawire mnzako, osalipira. Yotseka ili ngati foni yomatidwa ndi guluu, imene ukaitsegula waiononga.

Ndinaika Stellarium pa laputopu yobwereka, n'kusankha malo a boma la Luangwa, moyang'anana ndi Zumbo. Pa 19 Novembala 1835 dzuwa limayenda tsiku lonse popanda colikhudza. Pa 20, masana atangopendeka, mwezi umalowa pa nkhope yake n'kuyamba kulidya. Funso limene mu 1930 linafuna mabuku a ku Ulaya, lero limayankhidwa ku Mchini kapena ku Nabvutika malaiti asanapite.

Pambuyo pa Stellarium panabwera ena ozama. SunPy inayamba mu 2011 ndipo mtundu wake wa 1.0 unatuluka mu 2019. Imalembedwa m'cinenero ca kompyuta ca Python, naconso caulere, ndipo imatenga zithunzi za Solar Dynamics Observatory, combo ca NASA cimene cakhala cikuyang'ana dzuwa kucokera mu 2010. Zithunzizo ndi zaulere kwa aliyense. PlasmaPy inatulutsa mtundu wake woyamba mu 2018, ndipo kuyambira 2023 mitundu yatsopano amaichula ndi caka ndi mwezi umene yatuluka. Ukaiuza kuculuka kwa plasma ndi mphamvu ya maginito, imakuwerengera liwiro la mafunde a Alfvén aja pa mzere umodzi, ndipo ukakaikira yankho umatsegula n'kuona masamu ake. Ici ndico cimandikoka kuposa ulere. Amene amalemba mapulogalamuwa amakambirana poyera pa GitHub, ndipo wokonza colakwika, ngakhale ca kalembedwe ka mau m'malangizo, dzina lake limalembedwa pamodzi ndi la madokotala a ku Harvard. Safunsa setifiketi pakhomo.

Wina adzati, za dzuwa zitipatsa ciani ife ofuna ya ufa? Pamwamba pathu, kuyambira makilomita pafupifupi 60 kukwera, pali plasma yathuyathu yochedwa ionosphere. Ndiyo inali kubweza mau a wailesi ya shortwave kuti ambuya amve London ali ku Feni. Ikasokonezeka, GPS imene opima mapuloti ndi minda amadalira imanama, ndipo madera oyandikira equator ndiwo amavutika kwambiri, maka dzuwa likangolowa. Corona ikalavula plasma yambiri, imafika mpaka m'mawaya a magetsi. Mu Marichi 1989 cigawo ca Quebec ku Canada cinakhala mumdima maola 9. Kumapeto kwa Okutobala 2003 namondwe wotere anaononga mathiransifoma ku South Africa, dziko limene mawaya ake ndi olumikizana ndi athu. N'cifukwa cake ku Hermanus, kumene akhala akupima maginito a dziko kucokera mu 1941, anatsegula mu Novembala 2022 malo olondera nyengo ya m'mlengalenga usana ndi usiku.

Sindinena kuti citseko catsegukiratu. Pulogalamu ndi yaulere, bandulo si yaulere. Laputopu si ya aliyense, malangizo onse ali m'Cingelezi, ndipo PlasmaPy singakuphunzitse masamu amene unathawa mu giredi 11. Koma Stellarium imayenda ngakhale pa browser ya foni, ndipo omasulira ake m'zinenero zosiyanasiyana ndi anthu ongodzipereka. Ilinso ndi malo oikapo maina a nyenyezi monga mmene mitundu ya anthu imazichulira. Ife tili nao athu, Nthanda ya m'mbandakuca ndi Nsangwe zodziwitsa nyengo, ndipo amene amawadziwa bwino ndi okalamba omwe aja timawaona pa Nc'wala mu Febuluwale, atakhala pambali ife tikujambula ingoma ndi mafoni.

Kadamsana wa 1835 ali ndi mbumba yake. Werengani zaka 18 ndi masiku ake kucokera pa 20 Novembala 1835, mudzapeza 1853, 1871, 1889, mpaka 16 Febuluwale 1980 pamene kunada ku Tanzania ndi Kenya, caka comwe Nc'wala inayambanso itakhala yoletsedwa kucokera pa nkhondo ya Nsingo ya 1898. Wa pa 9 Marichi 2016 ku Indonesia ndi wa banja lomweli, ndipo wotsatira adzadutsa ku Nigeria, Chad ndi Egypt pa 20 Marichi 2034. Wapafupi ndi ife, wa banja lina, ndi wa pa 25 Novembala 2030 m'mawa. Mthunzi wathunthu udzadutsa Namibia, Botswana ndi South Africa, ndipo kuno ku Chipata tidzaona dzuwa lolumidwa mbali imodzi.