Kuchoka pa Sikelo ya Thonje Kufika pa Kompyuta

Bambo anga anali kalaliki wa pamsika wa thonje kuno ku Chitala. Sukulu analekezera Sitandade 8. Ndili mwana ndinkawapititsira nsima masana, ndipo ndinkawapeza atakhala pansi pa chisakasa, pensulo ili kukhutu, buku la malisiti lili pantchafu. Mlimi akakoleka thumba pa sikelo, iwo ankadikira muvi ukhazikike, n'kuchotsera kulemera kwa thumbalo, n'kupisa dzanja mkatikati kuti aone ngati thonje ndi loyera kapena lodetsedwa. Lisiti inkalembedwa pa kaboni, yapamwamba ya mlimi, yapansi yotsala m'buku. Dzuwa likamalowa sankanyamuka mpaka ndalama za m'bokosi zitagwirizana ndi buku.

Ankakonda kusimba za 1971, chaka chimene ADMARC inalowa m'malo mwa Farmers Marketing Board, chomwenso kwacha ndi tambala zinalowa m'malo mwa mapaundi ndi masheleni. Paundi imodzi inasanduka makwacha awiri. Masamu atsopanowo anawaphunzira usiku pa koloboyi, m'mawa n'kukawafotokozera alimi amene ankaopa kuti akuberedwa.

Pafupi ndi msika uja pali siteshoni ya kafukufuku wa zaulimi. Kumeneko kunkabwera anthu a mapepala, ophunzira ku Bunda ndi kunja, oyesa mbewu m'timinda tokhala ndi zikwangwani. Ntchito yawo siinapite pachabe, ndipo lero kuli mtedza wodziwika ndi dzina loti Chitala. Choncho ndinakula ndikuona nzeru za mitundu iwiri zikuyendera limodzi, ya m'kalasi ndi ya pasikelo. Wofufuza ankadziwa chifukwa chake mbewu yabereka, pomwe kalaliki ankadziwa chimene mlimi wabweretsa ndi chimene wabisa pansi pa thumba.

Ine ntchito yanga ndi yoikira makampani ndi makopaletivi mapulogalamu a kompyuta osungira kaundula wa ndalama ndi katundu. Ndi ukalaliki womwe uja, buku lokha ndilo linasintha. Pamene makompyuta ankayamba kufala m'maofesi, ambiri a ife tinalowa ntchitoyi ndi dipuloma chabe, ena ya ku koleji ya NACIT, ena opanda pepala lililonse. Ankangofunsa ngati ungathe kudzutsa makina akafa.

Mbiri ya ntchitoyi m'dziko muno ili ndi zitsanzo ziwiri zimene sindiziiwala. Mu 2001 Gerry Douglas anayamba kuika makompyuta ongokhudza ndi chala pa Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, ntchito imene inakula n'kukhala Baobab Health Trust. Makinawo anapangidwa poganizira kalaliki wa pachipatala amene sanazolowere kutaipa, amene kutsogolo kwake kuli mzere wa odwala. Opanga pulogalamu anayamba aona kaye mmene ntchito imagwiridwira, ndipo n'chifukwa chake inafalikira m'zipatala zambiri.

Chitsanzo china ndi chowawa. Mu 2005 boma linayamba kugwiritsa ntchito njira ya pa kompyuta yoyendetsera ndalama zake yotchedwa IFMIS, yomangidwa pa pulogalamu ya Epicor, yoikidwa ndi akatswiri ochokera ku Tanzania. Mu 2013 nkhani ya Cashgate inaphulika: ndalama zinkalipiridwa pa katundu amene sanaperekedwe, zolemba zina n'kufufutidwa m'kompyuta. Ku Capital Hill anthu a madigiri sankasowa. Chimene chinasowa ndi mwambo uja wa bambo anga, wosapita kunyumba buku lisanagwirizane ndi bokosi.

Masiku ano zinthu zatembenuka. Mzuzu University, MUST imene inatsegulidwa ku Thyolo mu 2014, ndi Polytechnic imene inasanduka MUBAS mu 2021 zikutulutsa achinyamata odziwa makompyuta chaka ndi chaka. Zidziwitso za ntchito m'nyuzipepala zimafuna digiri komanso zaka zingapo pantchito. Wachinyamata amagwa pa zaka, wakale amagwa pa digiri. Ine ndinagwapo. Bungwe lina linakana kalata yanga lisanatsegule n'komwe tsamba losonyeza ntchito zimene ndinagwira, chifukwa pa mzere wa maphunziro panalibe digiri. Zinandipweteka, koma ndinabwerera m'kalasi, ndikumaphunzira Loweruka ndi Lamlungu imvi zitayamba kale. Sindinong'oneza bondo. Kumeneko ndi kumene ndinamvetsa chifukwa chake mapulogalamu anga ena ankalemera akadzaza, ndi mmene kaundula amatetezedwera kuti wofufuta asiye mapazi.

Chaka chatha ndinagwira ntchito ndi mtsikana wina wongomaliza kumene digiri, poika pulogalamu pa kopaletivi ya alimi cha kuno kwathu. Anaimanga mwaudongo kuposa mmene ine ndikanachitira. Koma tsiku loyamba la msika inatikanika. Alimi atatu anali ndi dzina limodzi. Mayi wina anabweretsa mbewu za amuna awo amene ali ku Joni. Netiweki inathawa cha m'ma 10 koloko, ndipo panalibe malo olembapo kulemera kwa thumba lopanda kanthu. Mzere unatalika, anthu anayamba kung'ung'udza. Mtsikanayo anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, zimenezi kusukulu sanatiuze."

Ndinamuyankha kuti, "Achemwali, tsekani kaye kompyutayo. Tiyeni tikakhale pasikelo."

Tinakhala pamenepo masiku atatu, tikulemba ndi manja. Iye ankafunsa mlembi wa kopaletiviyo funso lililonse, osachita manyazi, pajatu safunsa anadya phula. Atabwerera pa kompyuta anagwiritsa ntchito nambala ya chiphaso cha unzika, chimene anthu oposa 9 miliyoni analembetsa mu 2017, kuti mayina ofanana asasokonezenso. Anakonzanso kuti pulogalamu izisunga zolemba netiweki ikathawa, n'kuzitumiza ikabwerera. Zimenezo ine ndekha sindikanazitha msanga chotero, ndipo iye yekha sakanadziwa kuti zikufunika.

Ndikupempha olemba anthu ntchito kuti asamalekezere pa tsamba loyamba la kalata, ndipo ndikupempha masukulu athu kuti azitumiza ana kumsika asanawaveke mkanjo. Tsiku lotsiriza la ntchito yathu ku kopaletivi ija, mtsikana uja anakana kukwera galimoto chifukwa kompyuta ndi bokosi zinasiyana ndi K500. Tinaifufuza mpaka mdima. Inapezeka pa lisiti imene inalembedwa kawiri, ndipo m'pamene tinanyamuka.