Nyali yakale imene imayatsa miyala

Ku Franklin ndi ku Ogdensburg, matauni aang'ono a ku New Jersey m'dziko la America, kuli miyala imene masana mungaiponde osaicheukira n'komwe. Ndi yotuwa, ina yoderako. Koma muilowetse mumdima n'kuiunika ndi nyali ya ultraviolet, mwala womwewo umayaka: willemite amabiriwira, calcite n'kufiira ngati makala a pambaula. M'migodi ya m'derali mwapezeka mitundu ya miyala yoposa 350, ndipo pafupifupi 90 imawala motere.

Kuwala kumene kumachita zimenezi maso athu sakuona. Anakutulukira ndi Johann Wilhelm Ritter ku Jena, m'dziko la Germany, mu 1801, ataona kuti mankhwala a siliva akuda msanga pamalo pamene maso ake sankaonapo kuwala kulikonse. Mu 1852 George Gabriel Stokes wa ku Cambridge anafotokoza chimene chimachitika: chinthu chimamwa kuwala kosaonekako n'kutulutsa kuwala kooneka. Vuto linatsala limodzi. Nyali iliyonse yotulutsa ultraviolet inkatulutsanso kuwala wamba, ndipo kuwala wambako kunkaphimba kunyezimira kwa mwala. Robert W. Wood ndiye anapanga galasi lakuda mu 1903 lotchinga kuwala wamba n'kulola kosaonekako kudutsa. Ngakhale magalasi asintha kuyambira nthawiyo, nzeru ya nyali zonsezi idakali yomweyo.

Nyali zoyamba sizinali zosewerera. Kampani ya New Jersey Zinc inkaunika miyala ndi mbaliwali za magetsi zothetheka pakati pa zitsulo ziwiri kuti ione ngati willemite, mwala wa zinki, akutayidwa pamodzi ndi zinyalala. Kenako mu 1932 Thomas S. Warren anakhazikitsa kampani ya Ultra-Violet Products ku California, imene inatchuka ndi nyali yonyamula m'manja yotchedwa Mineralight. Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itavuta, America inasowa tungsten, chitsulo cholimbitsira zida, chimene chambiri chinkachokera ku China. Mwala wake, scheelite, masana ndi wovuta kuusiyanitsa ndi miyala ina yoyera, koma pa nyaliyi umawala mobiriwira ngati thambo. Anthu ofufuza migodi anayamba kuyenda usiku m'mapiri a California ndi Nevada, batire lolemera lili pambali, nyali ili m'manja.

Nkhondo inatha, migodi nayo n'kumatsekedwa, wa Franklin mu 1954, wa Sterling Hill ku Ogdensburg mu 1986. Nyali zija zinatsalira m'manja mwa anthu otolera miyala mongosangalala, amene mu 1971 anakhazikitsa bungwe lawo la Fluorescent Mineral Society. Mgodi wa Sterling Hill unasanduka nyumba yosungiramo zakale mu 1990, ndipo gawo lake lina limatchedwa dzina la Warren.

Nanga n'chifukwa chiyani anthu akusungabe nyali zolemera za agogo awo pamene tochi za LED zili ponseponse? Kuwala kwa ultraviolet kumene otolera miyala amagwiritsa ntchito kwambiri kuli pawiri. Kwa longwave, kwa mananomita 365, n'kumene kuli m'kamakina kounikira ndalama zachinyengo kubanki, ndipo apa LED inapambana kale. Tochi yotere ndiyo inathandiza Erik Rintamaki kupeza miyala yowala ya sodalite m'mbali mwa nyanja ya Superior mu 2017. Koma scheelite ndi miyala yokongola kwambiri ya ku Franklin imafuna shortwave, kwa mananomita 254, kumene chubu cha mekyule chimatulutsa mwamphamvu pamtengo wotsika.

Apa m'pamene ambiri amanamizika. Nyali yakale imatha kuyaka bwinobwino, chubu chili phuliphuli, koma miyala osawala. Mwini wake amathamangira kugula chubu chatsopano, chikhalirecho chafa ndi galasi. Galasi losefa shortwave limaonongedwa ndi kuwala komwe likudutsitsako, ndipo pang'onopang'ono limasiya kukulola kudutsa, pamene maonekedwe ake sanasinthe ngakhale pang'ono. Magalasi akale a Corning ankatopa msanga motere. A Hoya a ku Japan, amene anabwera pambuyo pake, amakhalitsa, ndipo odziwa amachotsa lakale n'kuikapo limeneli. Nthawi zambiri galasilo ndi lodula kuposa nyali yonse yogula pakaunjika. Chinyezi nachonso ndi mdani: chimasiya nkhungu yoyera pagalasi, n'chifukwa chake nyali imasungidwa m'bokosi louma lotseka bwino, osati m'chipinda chonyowa.

Kuyesa sikuvuta. Sungani mwala umodzi wodziwika, monga scheelite, wofanizira mphamvu ya nyali chaka ndi chaka. Mukafuna kudziwa ngati nyali ndi ya shortwave, ikani galasi wamba la pawindo pakati pa nyali ndi mwala. Kuwala kwa mwalawo kukazima, ndi shortwave, chifukwa galasi wamba silikulola kudutsa.

Nyalizi zili ndi ukali wake. Shortwave amawotcha khungu ndi maso, ndipo ululu wake umayamba patapita maola, munthu atagona kale, m'maso mukumveka ngati mwathiridwa mchenga. Magalasi otchinga maso asachoke pankhope nyali ikayaka. Chubu chikasweka mumatuluka mekyule, amene ndi poizoni. Mawaya akale amauma n'kung'ambika, pamene zina mwa nyalizi zili ndi thiransifoma yamphamvu kwambiri mkati. Wogula nyali yochokera ku America akumbukirenso kuti inapangidwira magetsi a mavoti pafupifupi 120, osati 230 a kuno kwathu.

Choncho wina akakutsatsani Mineralight yakale, musakhutire poona kuti ikuyaka. Zimitsani magetsi, muunike mwala umene mukuudziwa, ndipo mufunse kuti galasi lake linasinthidwa liti musanatulutse ndalama.