Cikombole ca Amisiri a Kompyuta: Mbiri ya ku Chongwe

Woumba njerwa saumba imodzi imodzi ndi manja. Ayamba wapanga cikombole, ndipo njerwa zituruka zambiri ndi zofanana. Amisiri a kompyuta anacedwa kuiphunzira nzeru imeneyi. Kale mmisiri wofuna kuika funso limodzi lokha pa galasi la makina anali kulemba malamulo ambirimbiri: apa pakhale bokosi, apa batani, apa malembo. Tsono anayamba kusema zikombole zao. M'caka ca 1987 kunaturuka HyperCard, ndipo mu 1991 Visual Basic. Ndi zimenezi munthu anangotenga batani lopangidwa kale naliika pamalo pace.

Ku Chongwe nzeruyi inalowera ku cipatala. Mu 2011 bungwe la CIDRZ, pamodzi ndi Unduna wa Zaumoyo, linayamba nchito yochedwa BHOMA m'zipatala zazing'ono 42 za m'maboma a Chongwe, Kafue ndi Luangwa. Woona odwala anali kulemba pa pepala la mafunso okonzeratu, ndipo pambuyo pace mlembi analowetsa mayankhowo m'kompyuta. Alembiwo anali anthu wamba ophunzitsidwa nchitoyo, kotero panafunika makina osazunguza mutu.

Amisiri a kampani ya Dimagi, ya ku America, sanajambule pepala liri lonse pa galasi ai. Analemba mafunso m'njira yochedwa XForms, imene ingonena kuti funso ndi ili, mayankho ololedwa ndi awa, ndipo munthu akayankha cakuti, lotsatira ndi ilo. Cikombole cao, dzina lace TouchForms, cinawerenga zimenezi nicionetsa mafunsowo limodzi limodzi, ndi mabatani akulu ongokhudza ndi cala. Funso likasintha, anangokonza mau a funsolo, osamanganso galasi lonse.

Anchito a zaumoyo oyenda m'midzi ananyamula mafoni okhala ndi CommCare, imenenso iwerenga mafunso a XForms. Wodwala wofunika kumlondola akalembedwa ku cipatala, uthenga unafika pa foni ya wanchito wa kumudzi kwace kuti akamuone.

Apa ndipo pagona phindu la cikombole. Pepala logona m'kabati silingapite kumudzi kukafunsa cifukwa cace mai sanabwerenso ndi mwana wodwala. Koma mayankho akalowa m'makina msanga ndi mosalakwa, pakhala wina womanga ulendo kukamfuna mwanayo.