Malipiro Ochepetsetsa ndi Ulova M'madera

Malipiro ochepetsetsa ndi ndalama imene lamulo limakhazikitsa kuti wolemba anthu ntchito asamalipire yochepera pamenepo, kaya pa ola, pa tsiku kapena pamwezi. Lamulo loyamba la mtundu umenewu linakhazikitsidwa ku New Zealand mu 1894. Kuyambira kale akatswiri a zachuma akhala akukangana ngati lamuloli limachulukitsa ulova. Yankho limatengera dera, pakuti ndalama imene mumzinda wolemera sangaione n'komwe, kudera losauka imatha kutseketsa fakitale.

Maganizo akale anali achidule: tomato akakwera mtengo ogula amachepa, ndiye nayenso wantchito akadula, mabwana amalemba anthu ochepa. Maganizowa anagwedezeka ku United States. Pa 1 Epulo 1992, chigawo cha New Jersey chinakweza malipiro ochepetsetsa kuchoka pa $4.25 kufika pa $5.05 pa ola, pomwe chigawo choyandikana nacho cha Pennsylvania sichinasinthe kalikonse. Akatswiri a zachuma David Card ndi Alan Krueger anafufuza malo odyera 410 a Burger King, KFC, Wendy's ndi Roy Rogers mbali zonse ziwiri za malire, lamulolo lisanayambe komanso litayamba. Sanapeze umboni woti ntchito zachepa ku New Jersey. Chimene chinakwerako pang'ono ndi mtengo wa chakudya. Anzawo David Neumark ndi William Wascher anatsutsa atayang'ana mabuku a malipiro, ndipo mkanganowo sunathe mpaka lero, ngakhale kuti Card analandira mphoto ya Nobel mu 2021.

Zimatheka bwanji? Kudera kumene olemba ntchito ndi owerengeka, munthu alibe kwina kolowera, choncho bwana amamupatsa zochepa kuposa phindu limene amabweretsa. Lamulo likakweza malipiro, bwanayo phindu lake limachepako koma samuchotsa. Komanso antchito sasiyasiya ntchito, ndipo ndalama zophunzitsira atsopano zimapulumuka.

Zimavuta lamulo likadumpha kwambiri malipiro a m'deralo. Mu 2007 nyumba ya malamulo ya United States inalamula kuti ku American Samoa, zilumba zodalira mafakitale oika nsomba za tuna m'zitini, malipiro azikwera ndi masenti 50 chaka chilichonse. Mu 2009 kampani ya Chicken of the Sea inatseka fakitale yake ku Pago Pago, ndipo anthu pafupifupi 2,000 ntchito inawathera. Kunena zoona, mpikisano wa mayiko a malipiro otsika monga Thailand unalinso pomwepo, komabe aphungu anakakamizika kuimitsa kaye zokwezazo.

Germany inakhazikitsa malipiro ochepetsetsa a €8.50 pa ola m'dziko lonse pa 1 Januwale 2015, ndipo mantha anali pa zigawo za kum'mawa, kumene malipiro anali otsika. Ulova woopedwawo sunabwere. Chinachitika n'chakuti timakampani tina tating'ono tinatsekedwa, antchito n'kusamukira kumakampani akuluakulu olipira bwino, ena n'kumayenda mtunda wautali popita kuntchito.

Ku South Africa kafukufuku anaonetsa kuti ntchito za m'mafamu zinachepa boma litaika malipiro a gawoli mu 2003, pomwe kwa antchito a m'nyumba vutoli silinaoneke kwenikweni. Mlimi amapikisana ndi alimi a kunja ndipo akhoza kugula makina, koma wolera mwana sungamusinthanitse ndi thirakitala. Pokhazikitsa malipiro ochepetsetsa a dziko lonse a R20 pa ola mu 2019, a m'mafamu anayambira pa R18 ndipo a m'nyumba pa R15.

Kuno ku Malawi, malipiro ochepetsetsa anakwera kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pamwezi mu 2024. Koma lamuloli limagwira kwenikweni olembedwa ntchito m'makampani ndi m'maesiteti. Wochotsedwa ntchito sakhala pansi n'kumawerengedwa ngati lova. Amakagwira ganyu, kupalasa kabaza kapena kugulitsa malonda m'mbali mwa msewu. Kumeneko mtengo amagwirizana pakamwa, mzere uliwonse wopalira ndalama yake, ndipo woyang'anira za ntchito wa boma safikako.